Kamakina ka GPS kochenjeza za makamera a liwiro: ndigule kati pa msewu wa Zomba–Limbe?

Mayi wa ku Matawale

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru alamu anga asanataye ndalama zawo. Iwowa amagwira ntchito ku Johannesburg, akubwera kumudzi kumapeto kwa chaka, ndipo akuti ndisankhe kamakina ka GPS kamene kamalira m'galimoto ukamayandikira kamera ya liwiro, adzandigulire. Anditumizira zithunzi zitatu pa WhatsApp. Koyamba ndi kakang'ono kokwana m'chikhatho, kamangoonetsa nambala ya liwiro basi, ndipo ndi kotchipa. Kachiwiri ndi ka Garmin, kali ndi sikirini ndi mapu, akuti kamadziwa pamene pali makamera. Kachitatu ndi kodula kuposa tonse, ogulitsa akuti kamamva chida cha apolisi chija chikadali patali.

Ndifotokoze mayendedwe anga kuti mundilangize bwino. Ndili ndi shopu ya zitenje ndi ziwiya pafupi ndi msika waukulu wa Zomba. Katundu ndimakaoda ku Limbe, ndiye M3 ndimaiyenda pafupipafupi, kupita mbandakucha, kubwera dzuwa litapendeka. Kumapeto kwa mwezi ndimatsikira ku Liwonde kukaona amayi. Galimoto yanga ndi Sienta yakale ija ya nyali zozungulira, yosintha yokha magiya.

Si kuti ndimakonda kuthamanga ayi. Ndi mbale ndi matambula ali kumbuyo sindingayerekeze n'komwe. Pamene pamandivuta ndi polowa m'masteji. Chiukonzereni msewuwu ndi wosalala, Sienta nayo siimveka ikamathamanga. Uli pa 80 bwinobwino, maso ali pa thiraki ya patsogolo ndi pa kabaza wonyamula matumba a makala kumanzereku, chikwangwani cha 50 wachidutsa osachiona, pomwe ukuti uyang'ane patsogolo bwana wa trafiki wakweza kale mkono. Zandichitikirapo polowa pa Namadzi komanso cha ku Songani. Nambala anandionetsa pa chida chawo, ndinalipira, lisiti anandipatsa, za iwowo sindikudandaula. Koma chindapusa chimodzi chimadya phindu la zitenje zingapo, ndipo masiku ano ndalama ikuvuta kupeza.

Ndiye mwa titatu timeneti, kamene kangandithandize pa msewu wathu uno ndi kati? Nanga kamafuna bandulo ya intaneti mwezi ndi mwezi? Chinanso, galimotoyi inabwera kuchokera ku Japan ili ndi kabokosi kakuda pansi pa chiwongolero, ndikangoliza injini kamalankhula Chijapanizi ndi mawu a mzimayi. Mwana wanga akuti mwina ndi komweko kochenjeza za makamera. Ngati zili choncho, alipo mu Zomba muno amene angakasinthe kuti kazilankhula Chingelezi, alamu anga asavutike n'kugula?

Wa thiraki, Chinamwali

Mayi, ine ndayendetsa mathiraki zaka zambiri njira ya Durban, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo timakina timeneti ndakhala nato m'kabini. Ndikuuzeni momwe kachiwiri kaja kamagwirira ntchito. Mukamvetsa pamenepo, zinazo ziphweka.

GPS siiona kamera. Ntchito yake ndi kumvetsera masetilaiti amene akuzungulira kumwamba, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, n'kuwerengera pamene galimoto ili. Ikamva anayi kapena kuposerapo, yadziwa malo ake. Tsono m'kati mwa kamakinako muli mndandanda wa malo amene anthu analembamo kale kuti apa pali kamera, apa pali kamera. Mukamayandikira malo olembedwawo ndi pamene kamalira. Kulirako kukuchokera mu mndandanda, osati kuti kaona kanthu pa msewu.

Ku South Africa zimenezi zimathandiza chifukwa makamera ambiri anawamangirira pa mitengo yachitsulo, ali pomwepo chaka ndi chaka. Pa N3 yopita ku Durban pali zigawo zina zimene kamera imodzi imajambula nambala ya galimoto polowa, ina potuluka, kompyuta n'kuwerengera nthawi imene mwatenga pakati pake. Kumeneko kamakina kakakuuzani kuti mwalowa m'chigawo chotere, kakuthandizani ndithu. Koma taganizani za Zomba–Limbe. Kamera imene imatigwira ife ili m'manja mwa munthu kapena pa kachitsulo ka miyendo itatu, ntchito ikatha amailowetsa m'galimoto n'kumapita. Lero ali pa Thondwe, mawa cha ku Njuli, masana asamukira pena. Mndandanda wolembedwera ku Johannesburg ungadziwe bwanji zimenezo? Kanga kamalira pafupipafupi kuchoka ku Durban mpaka ku Musina, koma ndikangolowa pa Mwanza kamakhala duu mpaka ku Blantyre, chonsecho apolisi ndakumana nawo m'njira.

Kachitatu kaja, kamene amati radar detector, ndi nkhani ina. Iko kamamvetsera mafunde amene chida cha apolisi chikutumiza. Zida zimenezi zilipo za mitundu iwiri. Za radar zimamwaza mafunde dera lalikulu, ndiye nthawi zina kamawamva musanafike. Za laser ndi zija wapolisi amaika diso pa kagalasi n'kuloza galimoto imodzi. Kuwala kwake ndi kopyapyala zedi, pa mtunda wa mamita 300 kumatambalala pafupifupi mita imodzi yokha, ndipo kuyeza kumatha sekondi isanakwane. Pamene kamakina kanu kakuti pii, nambala yatuluka kale pa chida cha bwana. Kuonjezera apo kamalira chisawawa. Zitseko zotseguka zokha za m'mashopu akuluakulu ndi magalimoto atsopano okhala ndi masensa m'mabampa zimatulutsa mafunde ofanana ndi omwewo, mpaka munthu umazolowera osakalabadiranso. Komanso alipo mayiko amene amaletsa kameneka, akakupeza nako amalanda n'kukulipiritsa. Alamu anu ngati akubwera pa basi kapena pa galimoto adutsa maboda atatu, ndipo ine sindingawasenzetse katundu wotere. Wina amene akukafunabe ayambe wapita ku ofesi ya trafiki akafunse, asadalire zonena za wogulitsa.

Ndiye kwa ine kachitatu ayi. Kachiwiri n'kabwino kwa ife odutsa malire. Kwa inu amene ulendo wanu ndi Limbe ndi Liwonde, kang'onong'ono kaja musakapeputse chifukwa chotchipa.

Makaniko wa ku Mpondabwino

Achemwali, ndiyambe ndi kabokosi kolankhula Chijapanizi, chifukwa funso limenelo limandipeza pa galaja pafupifupi sabata iliyonse. Magalimoto a ku Japan amabwera ndi timabokosi ta mitundu iwiri. Mukaone kanuko. Ngati kali ndi kampata kolowetsa khadi yofanana ndi ya ku banki, kameneko ndi ETC, kolipirira misewu ikuluikulu ya ku Japan popanda kuima pa geti. Mzimayi amene mumamumvayo amangokuuzani kuti simunalowetse khadi. Kuno kalibe ntchito iliyonse, ndipo kukachotsa ndi nkhani ya mphindi zochepa. Mtundu winawo umakhala pamwamba pa dashibodi kapena pa galasi loonera kumbuyo, uli ndi kasikirini, ndipo pamalembedwa Yupiteru, Comtec kapena Cellstar. Kameneko ndiye kochenjeza za makamera, koma mndandanda wake ndi wa misewu ya ku Japan. Ngakhale katalankhula Chichewa, kazikuuzani za kamera ya ku Osaka, osati ya pa Namadzi. Poti mwati kanu kali pansi pa chiwongolero, ine ndikuona kuti ndi ETC.

Tsopano nkhani imene a thiraki sanaikhudze, imene kwa ine ndi yaikulu. Kodi singano ya sipidomita yanu ikunena zoona? Sipidomita siyeza msewu, imawerenga kuzungulira kwa matayala n'kuganizira kuti tayala ndi la saizi imene anaika ku fakitale. Opanga magalimoto amaichuna dala kuti izionetsa zochuluka pang'ono kuposa liwiro lenileni. Lamulo limene amatsata ku Ulaya limati isaonetse zochepa ngakhale pang'ono, koma ikhoza kupitirira mpaka 10 peresenti kuonjezapo makilomita 4 pa ola. N'chifukwa chake pa matayala a ku fakitale singano ikaloza 50, galimoto nthawi zambiri imakhala ili pansi pa 50, ndipo kampata kameneko kamatipulumutsa osadziwa.

Koma kuno timatani? Galimoto ikangofika timati ndi yotsika, ikukhula pansi pa mahampu ndi m'misewu ya m'makwalala dzinja likafika, ndiye timaika matayala aatali. Tengani Vitz imene inabwera ndi 165/70 R14, mwini wake n'kuika 185/70 R14. Tayala latalika ndi masentimita pafupifupi 3, ndipo likazungulira kamodzi likuyenda mtunda woposa wakale ndi pafupifupi 5 peresenti. Sipidomita siidziwa kuti mwasintha. Pamene singano ikuloza 80, galimoto ikuthamanga makilomita 4 kuposa mmene inkachitira pa 80 yomweyo kale. Kampata kaja katha. Ndaonapo anthu akulumbira kuti anali pa 50, ndipo sankanama, singano inalidi pa 50. Tsegulani chitseko cha dalaivala, pa felemu pali kapepala komata kolembapo saizi ya ku fakitale. Muyerekeze ndi manambala a m'mbali mwa tayala lanu.

Apa ndi pamene kotchipa kaja kamapambana. Iko sikadalira matayala, liwiro kamalitenga ku masetilaiti, ndipo pa msewu wowongoka mukamayenda mosasinthasintha kamanena zolondola kuposa singano. Sikafuna simu khadi, sikafuna bandulo, GPS ndi yaulere, kamangomvetsera basi.

Alamu anu muwauze ayang'anitsitse pogula. Choyamba, kakhale ka GPS kenikeni, osati kolumikiza ku soketi ya OBD ya pansi pa chiwongolero, ija amakaniko timalumikizapo kompyuta yopimira galimoto. Timafanana maonekedwe ndipo m'shopu amatiika pamodzi, koma ka OBD kamatenga liwiro ku kompyuta ya galimoto, kutanthauza kuti cholakwika cha matayala chija kamabwera nacho. Magalimoto ena akale a ku Japan samvana n'komwe ndi timakina ta OBD totchipati. Kakhale koti mukhoza kuika nokha nambala imene kazilirira mukaidutsa, ndipo kulira kwake kuzimveka ngakhale mawindo ali otsegula. Kaziwerenga m'makilomita, osati mamailosi. Manambala akhale aakulu, owala moti n'kuoneka pa dzuwa la mu Okutobala, koma ozilala okha usiku, apo ayi mbandakucha wanu uja kazikuthobwani m'maso. Pa bokosi pakalembedwa kuti kamamvanso masetilaiti a ku China a BeiDou kapena a ku Russia a GLONASS ndiye bwino, kamapeza malo msanga. Magetsi ake akhale a USB wamba, kuti chingwe chikaduka mukachipeze pa msika pomwepa.

Zofooka zake muzidziwiretu. M'mawa mukangoliza galimoto kamatenga kanthawi kasanapeze masetilaiti. Pansi pa mitengo yowirira, monga pokwera ku Ku Chawe, nambala imatha kudumphadumpha. Mukaponda mabuleki mwadzidzidzi kamachedwa pang'ono kutsika. Pa M3 zonsezi si vuto.

Wa makompyuta, Chikanda

Anti, zimene anena akuluakuluwa ndikugwirizana nazo, koma musanatumize yankho ku Joni yesani kaye ndi foni imene muli nayo. GPS yomweyo ili kale m'foni yanu ya Android. Muyende nayo maulendo angapo, muone ngati kukhala ndi nambala yolondola pamaso kukuthetsa vuto. Kukathetsa, ndiye mugule kamakina mukudziwa chimene mukugula.

Ambiri akuuzani za Waze, pulogalamu ya pa foni yosonyeza njira imene Google inagula mu 2013. Imeneyo imadalira madalaivala anzanu: wina akaona apolisi amadina pa foni, amene ali m'mbuyo amalandira chenjezo. Ku mizinda imene anthu masauzande akuigwiritsa ntchito nthawi imodzi zimayenda. Ine ndaiyatsapo pa Zomba–Blantyre, ndipo kawirikawiri pa mapu pamakhala poyera, popanda wodina. Imafunanso bandulo ndi netiweki nthawi yonse, komanso kuti ithandize ena muyenera kugwira foni mukuyendetsa, zimene sindingakulimbikitseni. Mukadzapita kunja dziwaninso kuti ku Germany ndi ku Switzerland dalaivala saloledwa kugwiritsa ntchito zochenjeza za makamera, ngakhale za pa foni. Google Maps nayo imaonetsa liwiro pakona ya sikirini mukamatsata njira, bola muyatse sipidomita m'masetingi.

Imene ndimakonda ine ndi OsmAnd. Mapu a Malawi mumawatsitsa kamodzi pa WiFi, kenako imagwira popanda intaneti. Mapu ake ndi a OpenStreetMap, amene amalembedwa ndi anthu ongodzipereka, ndiye pena malire a liwiro analembapo, pena ayi, musadalire kuti ikuuzani chikwangwani chilichonse. Chimene chingakuthandizeni inu ndi ichi: mukhoza kusunga malo anuanu, n'kuiuza kuti izikutchulirani mukamawayandikira pa ulendo. Vuto lanu mwalifotokoza nokha, si kamera, ndi chikwangwani cha 50 chimene chimakudutsani. Zikwangwanizo sizisamuka. Ndiye tsiku lina mwana wanu akhale pambali panu ndi foni, azisunga malo pamene pali chikwangwani chilichonse cholowera pa steji: Six Miles, Thondwe, Namadzi, Mbulumbuzi, Njuli. Pobwerera asungenso, chifukwa zikwangwani za mbali inayo zili pamalo ena. Ulendo wa ku Liwonde chimodzimodzi: Chinamwali, Songani, Domasi, Malosa, Machinga. Mndandanda umenewo ndi wanu, ndipo ndi woona kuposa uliwonse wogula.

Garmin ija nayo ikhoza kuchita zomwezi, ndipo imazichita bwino kuposa foni. Pali pulogalamu yawo yaulere ya pa kompyuta yotchedwa POI Loader. Mumalemba malo anu m'kafayilo, dzina lililonse n'kuliphatika nambala, mwachitsanzo Namadzi@50, ndipo kamakina kamalira mukamafika pamalopo muli pamwamba pa 50. Ndiye sindingaitaye kotheratu ngati mmene achitira a thiraki. Koma alamu anu asalipire wogulitsa asanawaonetse Zomba ndi Liwonde pa mapu a m'katimo. Mapu a Tracks4Africa amalowanso mu Garmin ndipo Malawi alimo.

Choipa cha foni ndi kutentha. Mukaiika pa galasi la patsogolo, ili pa chaja, dzuwa la ku Liwonde likuiwomba, imatentha mpaka sikirini kuzilala yokha, ndipo batire limafa msanga. Igulireni chogwirira cha pa mpweya wa AC. Komanso kasitomala akaimba, nambala ija imabisika nthawi yomwe mukuifuna.

Wa Sienta, Zomba–Liwonde

Mayi, ife amene timakhalira pa msewu tsiku ndi tsiku sitigula zimenezo. Mnzako wochokera kutsogolo akakufulashira malaiti kawiri wadziwa kuti mabwana ali pafupi, watsitsa. Tilinso ndi gulu la pa WhatsApp, woyamba kunyamuka m'mawa amanena pamene aima. Ndalama ya kamakinayo alamu anu akugulireni matayala awiri atsopano kapena mashoko, zimenezo ndiye zimavuta kupeza zabwino kuno. Koma za makanikowa zoti singano imanama chifukwa cha matayala ndaziona ndine, yanga ndinakweza ndipo anandigwira ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndili bwino.

Namwino, Songani

Achimwene a Sienta, ndikupempheni ndi ulemu wonse, za malaitizo zimandipweteka mtima. Ine ndimakhala kufupi ndi msewu pa Songani. Tsiku limene apolisi aima, magalimoto onse amadutsa mwaulemu, agogo amawoloka bwinobwino. Tsiku limene kulibe, magalimoto omwewo amadutsa pa steji mmene abwerera kuchokera ku Domasi, osatsitsa ngakhale pang'ono. Ana a sukulu amawoloka masiku onse, osati tsiku la apolisi lokha. Tsiku la msika ndiye musanene, tomato ndi nzimbe zili m'mphepete mwenimweni mwa tala, kabaza akutembenuka popanda kuyang'ana m'mbuyo, minibasi yaima pakati anthu akutsika mbali zonse. Amene amagundidwa pamalo otere amafikira m'manja mwathu, ndipo kusiyana kwa amene wagundidwa ndi galimoto yoyenda pang'ono ndi amene wagundidwa ndi yothamanga timakuona ndi maso.

Bungwe la WHO limanena kuti munthu woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola, chiopsezo choti afa chimakhala chachikulu kuwirikiza kanayi ndi theka poyerekeza ndi pa 50. Kusiyana kwa makilomita 15 okha. Pa 80 galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi, pa 50 imayenda 14. Sekondi imeneyo ndi imene imapita dalaivala asanasunthe n'komwe phazi kupita pa buleki. Akapondanso, mtunda woti aime pa 80 ndi wotalika kuwirikiza kawiri ndi theka kuposa pa 50. Nanga chimene mukupulumutsa n'chiyani? Steji yotalika kilomita imodzi mumaidutsa m'masekondi 45 pa 80, m'masekondi 72 pa 50. Masekondi 27. Masteji onse a pakati pa Zomba ndi Limbe mukawaphatikiza ndi mphindi zochepa chabe.

Mayi a ku Matawale, inu sindikukudzudzulani, funso lanu ndalimva bwino ndipo mwanena poyera kuti chikwangwani chimakudutsani. N'chifukwa chake maganizo a mnyamata wa ku Chikanda andisangalatsa. Kamakina kokukumbutsani pa steji iliyonse, apolisi alipo kapena palibe, ndikanakonda kakanakhala m'galimoto iliyonse yodutsa pakhomo panga. Koma kongokuuzani pamene pali apolisi kuti kwinako muziponda, kameneko ayi. Ndipo posunga malo aja muikemonso pa masukulu a m'mbali mwa msewu, ngakhale pamene palibe steji.

Mayi wa ku Matawale

Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Anamwino, mawu anu ndawalandira. Inenso ndili ndi mdzukulu amene amawoloka msewu wa Airwing popita ku sukulu, ndiye zimene mukunena ndikuzidziwa.

A makaniko, ndasuzumira pansi pa chiwongolero ndi tochi. Kampata ka khadi kalipo ndipo palembedwa ETC, monga munanenera. Ndibwera mudzakachotse, mzimayi ameneyu walankhula mokwanira. Kapepala ka pa chitseko kakuti 175/70 R14, koma matayala amene ali pa galimoto ndi 185/70 R14, anaika ndi amene anandigulitsa. Kodi pamenepa kusiyana kwake n'kwakukulu?

Alamu anga ndawauza kuti kachitatu akasiye. Pakati pa tiwiri totsalato mtima wanga uli pa kang'onong'ono, chifukwa za mafayilo ndi kompyuta ine sindizitha, ndipo mtengo wa Garmin ndi katundu wa shopu wa sabata yathunthu. Koma pali chimene chikundisokoneza. Ngati kamalira pa nambala imodzi yokha imene ndaika, ndiike iti? Ndikaika 50 kazingolira njira yonse. Ndikaika 80 kakhala chete polowa pa Namadzi, pamene pali vuto langa lenileni.

Makaniko wa ku Mpondabwino

Kusiyana kwa matayala anuwo n'kochepa, achemwali, kungopitirira pang'ono 2 peresenti, pa 50 ndi kilomita imodzi basi. Ndiye singano yanu siikukunamizani kwenikweni, chimene chikukugwiritsani ndi chikwangwani chija. Funso lanu lachiwirilo ndi lenileni, ndipo totchipa tambiri tili ndi nambala imodzi yokha. Ine ndingaike ya pa msewu waukulu, kuti kazikugwirani potsetsereka pamene Sienta imathawa mwakachetechete, ndipo za masteji muzisiyire foni. Kamakinako mukamate kutsogolo kwa chiwongolero, m'munsi mwa galasi, pamene diso limafika popanda kuweramitsa mutu. Sipidomita ya Sienta yanuyo ili pakati pa dashibodi, ndiye kuti muione mumachotsa maso pa msewu, mwina n'chifukwa chake simuiyang'ana pafupipafupi. Mukabwera ndi za ETC ndidzakuonerani soketi ya laita ngati imazima mukachotsa kiyi, kuti kasamadye batire usiku.

Wa makompyuta, Chikanda

Anti, foni siifunika kuti muziiyang'ana. Ikhoza kukhala m'kabokosi ka pakati, sikirini itazima, mawu okha azituluka, ndiye sizitenthanso. Malo a mbali ya Blantyre ndili nawo kale kuyambira Six Miles mpaka Njuli, popita pokha. Loweruka ndidutsa pa msika, mwana wanu akhalepo ndidzamuikire OsmAnd ndi kumusonyeza kasungidwe ka malo, kuti a pobwerera ndi a ku Liwonde akasunge yekha. Adzabwere ndi foni ili ndi malo okwanira, afufutemo mavidiyo ena a pa WhatsApp.